Thabwa Lachitatu la Make Mapasa

Thabwa linang'aluka m'manja mwa Make Mapasa iye osamva phokoso lililonse. Anangoona mng'alu ukuthamanga kuchokera m'mphepete mpaka pakati, ngati mmene imang'ambikira nsalu yakale pochapa. Atakweza maso anapeza mapuleni onse opalira matabwa aima, ophunzira anzake akumuyang'ana.

"Maliro achiwiri awa," anatero Wailesi, yemwe tebulo lake linagundana ndi la mayiyu. Anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. "Tiyambe nyimbo iti, amayi?"

Ena anaseka mobisa, koma anasiya ataona aphunzitsi akubwera. Aphunzitsiwa ankatchedwa a Bwerezani, chifukwa kanthu ungakasalaze bwanji, iwo ankakatembenuza uku ndi uku n'kukubwezera ndi liwu limodzi lomwelo. Tsikuli sanalitchule. Anatenga thabwalo n'kuliunika pawindo. Dzuwa linkaonekera mbali inayo ngati papepala.

"Mwapala mpaka thabwa latha, mwatsala ndi mthunzi wake," anatero. "Simunamve kuti lasintha mawu?"

"Sindinamve, aphunzitsi."

"Mutsale anzanu akaweruka."

Make Mapasa ndiye anali wamkulu pa ophunzira onse m'kalasi yopanga magitala. Kwa zaka zambiri anasoka mayunifolomu kufakitale, mpaka pamene fakitaleyo inatsekedwa, antchito n'kupatsidwa mwayi wokaphunzira ntchito ina kusukulu ya zaluso. Anzake anathamangira kophika makeke ndi kokonza tsitsi. Iye podutsa pakhonde anasuzumira pakhomo lina, n'kuona magitala osamaliza atapachikidwa pachingwe ngati zovala, ali ndi mapewa ndi chiuno chomwe. Patebulo panali mapatani a pepala lolimba. Mumtima anati, kudula motsata patani ndi kulumikiza mbali ziwiri msoko osaoneka, si ntchito yomwe ndakulira iyi? Analembetsa tsiku lomwelo.

Manja ake sanamuchititse manyazi. Mbali za gitala, zomwe amazipinda pachitsulo chotentha, iye ankazipinda osapsereza ngakhale imodzi. Akalumikiza matabwa ndi guluu, msoko wake unkasowa ngakhale uufunefune ndi chikhadabo. Vuto linadza pa thabwa la pamwamba, lija lokhala ndi bowo, lomwe limatulutsa mawu nsambo zikakhudzidwa. Limeneli amalipala pang'onopang'ono, n'kumalinyamula ndi zala ziwiri pafupi ndi khutu, kuligogoda. Likakhala lochindikala limangoti gu, gu, ngati chitseko. Likafika pake limalira motalika. Ukapitirira pamenepo mawu amafa, ndipo thabwalo silipirira nsambo zikayamba kukoka. A Bwerezani ankati rula imangokufikitsa pafupi, poti mtengo uliwonse uli ndi khalidwe lake, koma poimira limakuuza ndi khutu.

Khutu ndiye linali losowa kwa Make Mapasa. Ali mwana makutu ake onse ankatuluka mafinya, ndipo pochira lakumanzere linatsekekeratu, lakumanja n'kutsala ngati munatsekedwa thonje. Munthu akamalankhula atamuyang'ana ankamva, kwinako n'kumatolera pamilomo. Mawu a Wailesi okha ndiwo ankamufika ngakhale atafulatira, poti mkuluyu, yemwe kale ankayimba gitala m'mahotela, ankalankhula ngati akuitana munthu kutsidya kwa msewu.

Anzake atatuluka, a Bwerezani anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana naye kuti aziwaona pakamwa.

"Mayi, ndikuuzeni zoona. Pa nkhani ya manja palibe akuposani muno, ngakhale ine nthawi zina ndimasirira. Koma ntchitoyi ine ndinaiphunzira ndi khutu, ndipo ndimaiphunzitsa ndi khutu. Njira ina sindiidziwa." Anasisita ndevu. "Matabwa ouma bwino ndi ochepa. Lanu latsala limodzi. Likaonongeka limenelo mulibe gitala yoonetsa pa mayeso, ndipo chaka chachiwiri simungalowe. Kukalasi ya mipando ndi makabati kuli malo. Ndalankhula nawo aphunzitsi ake."

"Mukundithamangitsa, aphunzitsi?"

"Ayi, mayi. Ndikuopa kukutayitsani chaka. Kabati siifuna khutu."

Make Mapasa anapinda epuloni yake bwinobwino, ngati kuti ntchito yofunika tsikulo inali imeneyo, n'kupempha kuti akaganize kaye.

Kunyumba anapeza mlamu wake, mlongo wa mwamuna wake, atatambasula miyendo pasofa akumwa tiyi. Mlamuyu anali ndi shopu ya makatani, ndipo chitsekereni fakitale sanasiye kumunyengerera kuti akakhale pa makina ake osokera.

"Nkhope imeneyo ndi ya munthu wogwa nayo," anatero mlamuyo. "Lathyokanso?"

Make Mapasa anayang'ana ana ake aakazi awiri omwe ankalemba za kusukulu patebulo. Onse anaweramitsa mitu nthawi imodzi. Anali iwowo amene anaulula za thabwa loyamba lija.

"Alamu, ine sindikukunyozani ayi. Koma munthu wovutika kumva kupanga magitala, kuli ngati wachimfine kugulitsa mafuta onunkhira. Makina kushopu kuja akungodya fumbi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo."

"Ndamva, alamu."

"Mwamva? Ndiye zayamba kusintha!" Mlamuyo anaseka yekha, kenako anazindikira kuti wapyola malire, n'kumuthirira tiyi m'kapu. "Pepani, pakamwa panga mukupadziwa. Koma muwaganizire anawa."

Bambo a mapasa, amene anali makaniko kugalaja ya mabasi, analowa akununkha dizilo. Nkhani yonse anaimvera pasinki akusamba m'manja.

"Achimwene, lankhulani nawo akazi anu," anatero mlongo wawo.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anayankha bambowo akupukuta manja. "Ine ndinakwatira telala. Akasanduka wa magitala ndilandira, akasanduka wa makabati ndilandiranso. Bola asasanduke iwe, nyumbayi ingachepe."

Mapasa anaphulika ndi phwete, azakhali awo n'kuwagenda ndi kapilo. Make Mapasa anamwetulira nawo, koma mumtima munali zii. Mwamuna wake anamuchitira ulemu, inde, komabe katundu uja anamubwezera pamutu pake pomwe.

Loweruka m'mawa anaika sizasi yake yakale m'chikwama. Anali atamanga mfundo: za makabati ayi, bola kubwerera ku nsalu zomwe ankazidziwa. Potuluka anaona foni ya mwamuna wake itaiwalidwa pamwamba pa filiji, n'kuganiza zodzera kugalaja asanapite kushopu ya makatani.

Anawapeza bambowo ataweramira injini ya basi yomwe inkalira. M'dzanja anali ndi sikuludiraiva yaitali, nsonga yake itagunda pachitsulo cha injini, chogwirira chake atachikanikiza pafupa la kuseri kwa khutu. Maso anali atatsinzina. Anasuntha nsonga ija n'kumvetseranso, ngati dokotala pachifuwa cha mwana.

"Mukutani pamenepo?" anafunsa Make Mapasa atawakoka malaya.

"Muno phokoso ndi lambiri, khutu silithandiza!" anakuwa bambowo atamuyang'ana. "Ndikatere mawu amadutsa m'fupa, ndimamva chomwe chikugogoda m'katimu!"

"Ndipatseni."

Bambowo anapukuta chogwiriracho pa ovololo n'kumupatsa. Make Mapasa anachikanikiza kuseri kwa khutu lakumanzere, lija lakufa. Anadzidzimuka mpaka sikuludiraiva inagwa pansi. Anaitola n'kuikanso. M'mutu mwake munadzaza mawu: kugunda kwakukulu kwa pansi, tizitsulo tina tikuti tike tike tike mofulumira, ndi kenakake kokhulana ngati lumo pagalasi. Mbali imeneyi ya mutu wake inali itakhala chete chiyambire ali kamtsikana. Misozi inangotsika yokha.

"Yakupwetekani?" anafunsa bambowo mwamantha.

"Ayi. Pali chokhulana cha kumanja uku."

"Chimenecho n'chomwe ndikusaka. Mwachimva inu?"

Make Mapasa maso ake anali kale pa benchi yathabwa yomwe inali pakhoma. Anazula pensulo m'thumba la ovololo ya mwamuna wake, analuma mbali imodzi, inayo n'kuigunditsa pabenchi, kenako anawalozera bambowo kuti agogode. Gu, gu, zinamveka m'mano. Anatola kathabwa kopyapyala ka bokosi la zipangizo n'kuchita chimodzimodzi. Mawu ake anali ena, opepuka.

"Abwana, alamu athu akudya pensulo!" anakuwa makaniko wina ali pansi pa basi. "Kunyumbako simukuwadyetsa?"

Tsiku limenelo kushopu ya makatani sanafikeko.

Lolemba analawirira kusukulu ndi kamtengo kowonda kotalika ngati mkono, komwe anakasalaza yekha. A Bwerezani anamvetsera nkhani yonse manja ali kumbuyo.

"Kamtengoko kakakhudza thabwa, kaletsa kulira," anatero.

"Tiyese, aphunzitsi. Zikakanika ndipita ku makabati popanda dandaulo."

Anayesa pa thabwa lakale. Aphunzitsi ananena zoona: kamtengo kakakanikiza, thabwa linkangoti phwa. Wailesi, yemwe anali atafika osaitanidwa, ndiye anatchera khutu lake la woyimba, mayiyu n'kumasuntha kamtengo pang'onopang'ono, mpaka anapeza malo cha m'mphepete pomwe kakangokhudza mopepuka thabwa linkalirabe bwinobwino.

"Tandipatsani ndione," anatero a Bwerezani.

Analuma kamtengo kaja, n'kuuza Wailesi kuti awatseke makutu ndi zikhatho. Ophunzira ena analowa panthawi yomweyo, n'kupeza aphunzitsi awo oopedwa aja ali ndi ndodo pakamwa ngati galu, Wailesi atawagwira mutu. Kuseka kwake kunamveka mpaka kukalasi ya makeke. A Bwerezani sanasamale. Anagogoda thabwalo, maso ali mwamba, n'kugogodanso.

"Zaka zonsezi ine mano ndimangodyera," anatero atalavula kamtengo. "Koma mayi, kumva phokoso ndi kwina, kudziwa tanthauzo lake ndi kwinanso. Sindikulonjeza kanthu. Thabwa lanu ndilisunga kaye."

Madzulo ake aphunzitsiwo anatulutsa m'sitolo yosungiramo matabwa mulu wa zidutswa zakale, zochindikala, zabwino ndi zopyola muyeso, n'kuziunjika patebulo la Make Mapasa.

Wailesi anali ndi vuto lakelake. Khutu lake linkasiyanitsa mawu ngati lilime la wophika, koma manja ake anali a zipsera ndi mapulasitala okhaokha, ndipo pa misoko ya gitala yake mphemvu ikanalowa ndi banja lake lonse.

"Amayi, tipangane," anatero. "Ine ndikubwerekeni khutu, inu mundibwereke zala. Chala chimodzi sichiswa nsabwe."

Kuyambira pamenepo nthawi yopuma masana inali yawo. Make Mapasa ankatsinzina, kamtengo kali m'mano, Wailesi n'kumasinthasintha zidutswa, iye n'kumanena kuti ichi n'chochindikala kapena chapyola. Masabata oyamba ankangolakwa. M'mano chilichonse chinkamveka chachikulu, ndipo zonse zinkafanana. Nsagwada zinkamuwawa mpaka polankhula. Tsiku lina atalakwitsa motsatizana anakaponya kamtengo kukhoma.

"Walira mvula walira matope, amayi," anatero Wailesi akukatola. "Ndipo ine ndadzicheka kale chala lero potsatira malangizo anu, koma tchizulo yosemera ija sindinaiponye. Lumani."

Analuma. Iyenso sankamulekerera mnzakeyo. Ankamugwiritsa tchizulo mobwerezabwereza mpaka dzanja lizolowere, n'kumamuuza kuti, "Ntchito ikakhala m'manja, pakamwa pazikhala pa tchuthi." Kwa Wailesi limeneli ndiye linali phunziro lowawa koposa.

Kusintha sikunabwere tsiku limodzi. Make Mapasa anangozindikira pang'onopang'ono kuti ankalakwitsa posaka kukula kwa phokoso. Thabwa labwino silinkakuwa kuposa anzake ayi. Linkachedwa kuchoka m'mano. Lochindikala linkagunda n'kutha pomwepo, lopyola linkangophwaphwatika, koma labwino linkasiya kanjenjemera kamene kankayenda m'nsagwada n'kukazimira kuseri kwa khutu. Atagwira mfundo imeneyi kulakwitsa kunayamba kuchepa, ngakhale sikunatheretu.

Mayeso atayandikira, a Bwerezani anabwera ndi thabwa lomaliza lija n'kuliika patebulo pake.

"Wailesi, nyamula zida zako upite pakona apo," anatero. "Ukatsegula pakamwa lero, gitala yako ndiisandutsa nkhuni."

Make Mapasa anayamba kupala. Thabwalo linali loyera, lonunkhira utomoni, ndipo puleni inkatulutsa timizere topotana ngati tsitsi la khanda. Ankapala, kuluma kamtengo, kugogoda, n'kupalanso. M'mawa wonse thabwa linkangoyankha ngati chitseko. Cha kumasana linayamba kumasuka. Kanjenjemera kaja kanabwera, kochepa, n'kuzimira msanga.

Pamenepo mantha anamugwira. Matabwa awiri aja anathyoka ali pa siteji ngati yomweyi, iye akuti kamodzi kokha, kamodzinso. Anayang'ana aphunzitsi, koma iwo anali atafulatira, akuonera pawindo ngati kunjako kukuchitika zachilendo. Anayang'ana pakona. Wailesi anali atadzigwira pakamwa ndi manja onse awiri.

Anapukuta zikhatho pa epuloni, n'kupalako pang'ono cha m'mbali mokha. Anagogoda. Kulira kuja kunatalika, kunayenda m'mano mpaka m'khosi. Dzanja linkafunabe puleni. Analiletsa.

"Ndaima pano, aphunzitsi."

A Bwerezani anabwera, ananyamula thabwalo ndi zala ziwiri n'kuligogoda pakati, m'mwamba, m'munsi. Analipinda pang'ono. Kalasi yonse inali itasiya ntchito, kudikira liwu lija.

"Matani nthiti zake," anatero, kunena timatabwa tolimbitsa ta m'kati, n'kupita patebulo lina.

Wailesi anatulutsa mfuwu womwe anausunga tsiku lonse, mpaka aphunzitsi a mipando anabwera kudzafunsa ngati wina wadzidula chala.

Masabata otsatira anali omata, kumanga, kusema khosi la gitala ndi kupaka vanishi. Pa tsiku la mayeso kunabwera mayi wina wochokera kukoleji ya zoimbaimba, wa zikhadabo zazitali kudzanja lamanja lokha. Ankatenga gitala iliyonse, kuisuzumira m'bowo, kuiunika m'khosi ngati mfuti, kenako n'kuiyimba. Ya Wailesi anati mawu ake ndi okoma koma khosi lapendekeka pang'ono, inadutsa mokwawa. Atafika pa ya Make Mapasa anaiyimba nthawi yaitali, kenako anakweza mutu n'kumuyang'ana kumaso, poti anali atauzidwa za vuto lake la makutu.

"Misoko yanu ndi yaukhondo. Nsambo zing'onozing'onozi zikuyimba momasuka. Zikuluzikuluzi zikubanika pang'ono, pakati apa munasiya pochindikala. Munaopa?"

"Ndinaopa, mayi."

"Yoyamba timaopa tonse. Yachiwiri mudzapite patsogolo pang'ono. Iyi yakhoza."

Make Mapasa anangogwira m'mphepete mwa tebulo. Pakhomo panali pataima mwamuna wake, mapasa ndi mlamu uja, yemwe anati wangobwera kudzaperekeza ana. Mlamuyo anaisisita gitalayo pachiuno, kusaka msoko ndi chikhadabo, osaupeza.

"Wachimfine uja ndiye wagulitsa mafutatu," anatero. "Mundibwereke ndikaipachike pawindo la shopu sabata imodzi, makasitomala adziwe kuti kwathu kulinso anthu."

Alendo atatuluka, Make Mapasa anatsala akusesa utuchi pansi pa tebulo lake. A Bwerezani anatsegula kabati ya kukhoma n'kutulutsamo kachida kakang'ono kofiirira, ka nsambo zinayi, pamodzi ndi uta wake.

"Iyi ndi vayolini. Chaka chachiwiri timapanga imeneyi. Thabwa lake si lathyathyathya ngati la gitala, timalikumba ngati mbale, ndipo likhoza kukuliritsani kuposa aja. Ena amathawira pomwepa. Ndikufuna mudziwiretu musanalembetse."

Make Mapasa anatsamira tsache pakhoma. Anali atatopa mpaka m'mafupa, ndipo mawu amenewa anamulemera.

"Mukudziwa mmene amaigwirira?" anafunsa aphunzitsiwo.

"Ayi."

Anamuikira vayoliniyo paphewa lakumanzere, n'kumuuza kuti atsamiritse nsagwada pamwamba pake. Kenako anakoka uta pang'onopang'ono pa nsambo yaikulu. Mawu analowa m'chibwano, m'mano, n'kudzaza mutu wonse mbali zonse ziwiri, oyera ndi athunthu, popanda kamtengo kalikonse. Make Mapasa anatsinzina, osapuma, mpaka uta unafika kumapeto.

"Mwamva?" anafunsa a Bwerezani mayiyo atatsegula maso.

Iye sanaichotse paphewa. Anayang'ana chitseko cha kusitolo.

"Matabwa ake mumasunga mbali iti, aphunzitsi?"